Njuchi zaunjikana pamango, ndizilowetse bwanji mumng'oma?

Funso: Gulu la njuchi launjikana panthambi ya mango kuseri kwa nyumba yanga. Ndili ndi mng'oma wamatabwa wopanda kanthu. Chaka chatha ndidalowetsamo gulu lina koma lidathawa m'mawa mwake. Nditani?
Mlimi wa ku Mchinji

Yankho: Musachedwe nazo bambo. Njuchi zikangochoka kumene kwawo zimakhala zitakhuta uchi ndipo sizilusa kwenikweni, koma zikagona panthambipo masiku awiri kapena atatu njala imazikwiyitsa, mwinanso zimapeza mphako n'kupita. Valanibe chophimba kumaso, ndipo ana ndi ziweto atalikire.

Yambani mwakonza mng'omawo. Pakani mzere wa phula losungunula pakati pa kathabwa kalikonse ka pamwamba. Timatabwato tikhale mamilimita 32 m'lifupi, apo ayi zisa zidzamangidwa mopingasa. Mng'oma wonunkha penti, palafini kapena mbewa, njuchi siziukhala.

Dzuwa likapendeka, wazani gululo timadzi pang'ono kuti lisauluke. Tcherani katoni kunsi kwake, gwedezani nthambi kamodzi kokha koma mwamphamvu, kuti chimulu chonse chigwere mkati. Utsi usiyeni, apa umangozibalalitsa. Vundikirani katoniyo pansalu, mbali imodzi muikweze ndi kamwala, mudikire mphindi 30. Nkhani yonse yagona pa mfumukazi, njuchi yaikazi imene imaikira mazira m'gululo. Mukaona njuchi zaima pampatapo zitatukula kumbuyo, zikukupiza mapiko, ndiye kuti ili mkati ndipo zikuitana zinzake. Zikayamba kubwerera kunthambi, mfumukazi yatsala komweko, gwedezaninso.

Kukachita chisisira, chotsani timatabwa 5 kapena 6, khuthulirani njuchi mkati, mubwezeretse timatabwato osasiya mpata.

Tsono za kuthawa zija. Njuchi zathu kuno sizichedwa kusamuka ngati palibe chozigwira mtima. Pemphani chisa chimodzi cha mazira ndi mphutsi kwa mnzanu wa mng'oma wamphamvu, muchisase njuchi zake n'kuchiikamo. Ana siziwasiya wamba. Mng'oma ukhale pamthunzi, wopachika ndi waya wopaka girisi, chifukwa linthumbu likalowa usiku umodzi gulu lonse lapita. Maluwa akachepa, sungunulani kapu imodzi ya shuga m'kapu imodzi ya madzi, muike mkati ndi timitengo toyandama kuti zisamire.

Kenako musatsegule kwa milungu iwiri, ngakhale mtima ukufuna kusuzumira. Ingoyang'anani pakhomo: zikamalowa ndi mungu kumiyendo, nthawi zambiri ndiye kuti zakhazikika ndipo zayamba kulera ana.