Mwana wanga amamva mchenga m'maso usiku akachokera kowotcherera zitsulo

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 19 anayamba kuphunzira ntchito yowotcherera zitsulo miyezi itatu yapitayo pa shopu ina ku Kapata, kumene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Kawiri tsopano wadzuka pakati pa usiku akulira kuti m'maso mwake muli mchenga, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, ndipo ngakhale kuwala kwa foni sakufuna kukuona. Chondidabwitsa n'chakuti madzulo amafika ali bwinobwino. Apongozi anga akuti timuthire mkaka wa m'mawere, anzake akuti aziika mbatatesi yodula pazikope. Kodi vutoli n'chiyani, ndipo sachita khungu? Ndine mayi wa ku Kapata, mu Chipata.

YANKHO: Amayi, mtima ukhale m'malo, koma nkhaniyi musaitenge mwachibwana. Mwana wanu akupsa maso ndi kuwala kwa moto wowotcherera. Motowo umatulutsa cheza chosaoneka chotchedwa ultraviolet, chimene chimawaula kakhungu koonekera kakutsogolo kwa diso monga momwe dzuwa la mu Okutobala limawaulira masamba a mbewu yanthete. Ululu suyamba pomwepo, kawirikawiri umadikira maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake mnyamatayo amadya nsima ali wosangalala kenako n'kudzuka usiku akubuula. Mchenga akuumvawo mulibe: ndi zikope zimene zikukhula pamalo osupukawo nthawi iliyonse akaphethira.

Kakhunguko kamapola kokha pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, ndipo kupsa kamodzi sikuchititsa khungu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zimene anthu amathira m'diso lopsalo. Diso losupuka lili ngati bala losamanga, choncho mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo kapena madzi a masamba zingathe kulowetsamo tizilombo, bala laling'ono n'kusanduka chilonda chosiya chipsera choyera mpaka kalekale. Apongozi anuwo akunena mwachikondi, koma muwapemphe mwaulemu kuti zimenezo zilekeke. Mbatatesi imangoziziritsa basi, ndipo kansalu koyera konyika m'madzi ozizira, koikidwa pazikope ali chitsinzinire, kamagwira ntchito yomweyo popanda dothi.

Zikamuchitikiranso, agone m'chipinda chamdima, amwe panado kapena ibuprofen monga mwa malangizo a papaketi, ndipo asatikite maso ngakhale atanyerenyetsa bwanji. Kukacha mupite naye kukiliniki, kumene angamupatse mafuta a m'maso monga tetracycline oteteza balalo. Musamugulire mankhwala odontheza m'maso mwachisawawa, makamaka aja ochititsa dzanzi ndi aja okhala ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, chifukwa amabisa ululu kwinaku akuchedwetsa kupola, ndipo nthawi zina amakulitsa chilonda. Ngati diso limodzi lokha ndilo likuwawa, ganizirani za kachitsulo kothetheka kuchokera ku galainda (makina odulira ndi kusalazira zitsulo), pakuti kuwala nthawi zambiri kumawotcha maso onse awiri. Kachitsulo kotero kamachita dzimbiri m'diso, ndipo si kochotsa ndi machesi kapena nsonga ya mpango. Chimodzimodzinso ngati akuona mwachimbuuzi, akutuluka mafinya, kapena ululu sukuchepa patatha masiku awiri, musazengereze, pitani ku Chipata Central Hospital kapena ku chipatala cha Mwami, kumene kuli odziwa za maso.

Funso limene ndikufuna mumufunse mwanayo ndi ili: pamene abwana ake akuwotcherera, iye amakhala pati, ndipo kumaso amavala chiyani? M'mashopu ambiri a m'mbali mwa msewu chishango chakumaso chimakhala chimodzi, cha mmisiri yekha, pamene wophunzira ndiye amagwirizira chitsulo, nkhope ili pafupi ndi moto, akungotsinzina kapena kuyang'ana kumbali. Kutsinzinako kumachedwa, chifukwa moto ukathwanima cheza chimakhala chalowa kale, ndipo kuyang'ana kumbali sikuthandiza kwenikweni popeza malata ndi makoma opaka laimu amabweza kuwalako. Kuthwanima kumodzi kumodzi kwa tsiku lonse kumaunjikana, usiku n'kudzatulukira pamodzi.

Wogwirizira chitsulo ayenera kukhala ndi chishango chakechake. Galasi lakuda la m'chishango limakhala ndi nambala: pa marodi (timawaya towotcherera) wamba a mageti, oyendera mphamvu ya magetsi ya maampu 60 mpaka 160, nambala 10 ndiyo yoyenera, ndipo mphamvu ikapitirira pamenepo pamafunika nambala 12. Magalasi a dzuwa ogula pamsika, ngakhalenso aja owotcherera ndi gasi, sakwanira pamoto wamagetsi. Galasi likang'aluka alisinthe, asalimate ndi tepi. Pansi pa chishango azivala magalasi oyera apulasitiki otchinga ndi m'mbali momwe, amene amateteza ku tizitsulo komanso amatsekereza cheza chambiri pa nthawi imene wakweza chishango kuti agogode makoko a pamsoko. Mmisiri naye azichenjeza mokweza asanayatse moto, ndipo aimike thabwa kapena lata lopaka utoto wakuda kuti ana ndi odutsa m'njira asaone kuwalako.

Kupsa kobwerezabwereza kwa zaka zambiri kumawonjezera mwayi wa ng'ala ndi kanyama komera padiso, ndipo mwana wa zaka 19 ali ndi ntchito yaitali patsogolo pake. Malamulo a dziko lino la Zambia amapatsa wolemba ntchito udindo wopereka zodzitetezera, choncho mupite inu kapena bambo ake mukalankhule ndi mwini shopuyo mwaulemu, mumuuze kuti mwana wapsa kawiri. Akakana kugula chishango chachiwiri, mumugulire nokha m'sitolo za hadiweya m'tauni, ndipo muonetsetse nambala yolembedwa pagalasilo musanapereke ndalama.