Mafunso kwa makaniko: X-Trail, RAV4, CR-V ndi CX-5 zochokera ku Japan

Funso, kuchokera kwa mayi wa ku Machinjiri: Bambo makaniko, ndili ndi Nissan X-Trail ya 2010. M'tauni imayenda bwinobwino, koma ndikamachokera ku Chikwawa, ndikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri aja, imafooka. Ngakhale ndiponde mafuta chotani siikoka, imangolira kuti fyiii. Ndikaima pang'ono imayambanso bwino. Ena akuti ndigule giyabokosi ina. N'zoona?

Yankho: Amayi, ndalamayo isungeni kaye. Galimoto yanuyo ndi ya mtundu wa T31, ndipo giyabokosi yake ndi CVT. Mkati mwake mulibe magiya a mano osinthana, muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri, ndipo chimene chimapanikiza mapulewo kuti agwire lambayo ndi oyilo. Oyiloyo akatentha kwambiri, kompyuta imachepetsa yokha mphamvu kuti giyabokosi isapse. N'chifukwa chake mukaima imatsitsimuka. Kutentha kwa kuchigwa kuja, kuphatikiza mtunda wautali ndi katundu kumbuyo, n'zimene CVT imadana nazo kwambiri.

Choyamba ndikufunseni: oyilo wa giyabokosi anasinthidwa liti, ndipo anathiramo wanji? Imeneyi imafuna NS-2. X-Trail yatsopanopo, ya T32, imafuna NS-3. Magiyabokosi ambiri amene amafika pa galaja panga atafa anaphedwa ndi munthu amene anathiramo ATF wamba, oyilo wa magiyabokosi ena a otomatiki, chifukwa ndi wotchipa. Oyilo ameneyo amachititsa lamba kuterereka, lamba n'kuyamba kupala mapule, tizitsulo n'kudzaza mkati monse. Zikafika pamenepo palibenso chokonza.

Ndiye chitani izi. Ikayikidwe pa kompyuta awerenge makodi, manambala osonyeza pamene pali vuto. Akatsitse pani ya pansi pa giyabokosi, aone maginito ali m'menemo. Ngati pali kaphulusa kakuda kosalala, n'zachibadwa. Ngati pali tizidutswa tonyezimira, nkhani yaipa. Pakakhala poyera, asinthe mafyuluta ndi oyilo, amene amalowa malita anayi kapena asanu pokhetsa kamodzi, atsukenso radiyeta kunja chifukwa fumbi ndi udzu zimatseka mpweya. Kwa munthu woyenda ku Chikwawa kawirikawiri ndimalangiza kuikirapo kachipangizo kapadera koziziritsira oyilo kutsogolo. Kodi ya P1778 ikatuluka, nthawi zambiri ndi step motor, kamota koyendetsa kusintha kwa mapule, ka mu valve body, chigawo chowongolera oyilo mu giyabokosi, ndipo imasinthika payokha.

Za mtengo, ndimakonda kuyerekeza ndi ntchito zina osati kutchula makwacha, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya mu Limbe sukhalitsa pamodzi. Oyilo ndi mafyuluta zidzakupwetekani kuposa sevisi ya injini, mwina kawiri kapena katatu. Giyabokosi ina, kuphatikiza oyilo watsopano ndi ndalama ya makaniko, idzadya gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonseyo. Ndiponso yomwe mudzaguleyo ndi ya kaunjika, yochotsedwa m'galimoto ina, simudziwa kuti mwini wake ankaiyendetsa bwanji. Mukafika pogula, wogulitsa akupatseni masiku oyesera, ndipo alembe papepala.

Funso, kuchokera kwa bambo wa ku Chirimba: Toyota RAV4 yanga ya 2007 ikumwa oyilo. Pansi sipadontha, utsi suoneka kwenikweni, koma sevisi isanakwane ndimakhala ndathira kale lita.

Yankho: Achimwene, injini yanu ndi 2AZ-FE ya malita 2.4, ndipo khalidwe limeneli imadziwika nalo. Maring'i a oyilo pa mapisitoni amamatirira ndi mwaye, timabowo tobwezera oyilo pansi timatsekeka, oyilo n'kumapsera limodzi ndi petulo. Musanatsegule injini yambani ndi zotchipa: vavu ya PCV, yotulutsa mpweya wa mkati mwa injini, ndi gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba, imene ikatha oyilo amadzaza m'mabowo a mapulagi.

Ngati ndi maring'i, lita imodzi pakati pa masevisi si chifukwa chophwasulira injini. Ingoyezani oyilo sabata iliyonse, chigubu chizikhala m'buti. Ntchito yotsegula ndi yodula: mapisitoni, maring'i, magasiketi, mabering'i, ndi galimoto kugona pa galaja. Muichite pamene mapulagi ayamba kuda msanga kapena utsi wabuluu wayamba kuoneka. Koma mukaiwala kuyeza n'kuiumitsa, mudzagula injini yonse.

Funso, kuchokera kwa mlongo wa ku Bangwe: Honda CR-V yanga imabuula kumbuyo ndikamakhota kwambiri, monga poimika. Pamsewu wafumbi imagogodanso kutsogolo.

Yankho: Achemwali, zonse ziwiri n'zazing'ono. Kubuulako ndi oyilo wa difu yakumbuyo, chipangizo chogawira mphamvu ku matayala akumbuyo, amene watha mphamvu. Amafuna wake wa Honda wotchedwa DPSF, lita imodzi ndi pang'ono, osati oyilo wa difu wamba. Kugogodako yambani ndi ma stabilizer link, tizitsulo tolumikiza miyendo ya galimoto ku chitsulo choletsa kupendekeka, ndi mabushi, zomwe maenje athu amadya msanga. Asakugulitseni mashoko musanaone kuti akudontha.

Funso, kuchokera kwa bambo wa ku Namiwawa: Ndikufuna Mazda CX-5 ya dizilo, akuti siimwa mafuta. Ulendo wanga ndi kunyumba, kuntchito ku Ginnery Corner, basi.

Yankho: Bwana, pa maulendo amenewo tengani ya petulo. Ya dizilo ya 2.2 ili ndi sefa ya utsi, DPF, imene imadziyeretsa galimoto ikathamanga nthawi yaitali injini itatentha. Mumdipiti wa pa Chipembere Highway ntchitoyo imadukizadukiza, dizilo amatsikira mu oyilo, ndipo oyilo m'malo mochepa amakwera. Pa dipisitiki pali chizindikiro cha X. Akafika pamenepo asinthidwe tsiku lomwelo, apo ayi tebo (turbo) ndi mabering'i zili pangozi. Ngati mwaikondabe, pokaiona solorani dipisitikiyo mununkhize ngati oyilo akununkha dizilo, ndipo mukaigula muziipatsa ulendo wa ku Zomba kapena ku Zalewa pafupipafupi.