Kuwawa pogonana mutabereka: kodi tizipangizo ta pa Facebook tingathandize?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Anabereka miyezi isanu yapitayo, anamusoka, ndipo mpaka lero akamakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba amamva kuwawa ngati njira yatsekeka. Waona pa Facebook tizipangizo tomasula minofu ya m'chiuno ndiye akufunsa ngati agule.

Achemwali, musanatulutse ndalama kapimitseni kaye, kaya ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo. Anamwino muwauze mosapita m'mbali. Ululuwo ungachokere pa chipsera chomwe sichinapole bwino, pa mauka, kapena kuuma chabe, poti mayi woyamwitsa amakhala ndi estrogen yochepa m'thupi, homoni yomwe imathandiza kuti kumusi kuzikhala konyowa. Muli komweko pemphaninso kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero.

Pansi pa chiuno pali minofu yonyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Ambiri adamvapo za masewero ofinya minofuyi, omwe dokotala wa ku America, Arnold Kegel, adafalitsa mu 1948. Amathandiza mayi amene mkodzo umadontha akatsokomola kapena akasenza mtolo wa nkhuni. Koma momwe mwafotokozeramu, yanu ikuoneka kuti yakungika. Thupi likakumbukira ululu limadzitseka lokha, ndiye kufinyafinya kungangowonjezera vutolo.

Tizipangizo tija, ma dilator, timabwera tingapo m'paketi, kuyambira kakang'ono ngati chala mpaka kokulirapo. Ntchito yake ndi kuzoloweza minofu kuti isamadzidzimuke. Gonani chagada, pindani mawondo, pumirani m'mimba pang'onopang'ono, pakani mafuta oterera ambiri, kenako lowetsani kakang'ono kaja mpaka pomwe mukumva kuti pathina koma posapweteka. Kasiyeni pomwepo mphindi 10 kapena 15, katatu kapena kanayi pa sabata. Kokulirapo mukatenge pokhapokha koyambako kakamalowa popanda vuto. Zimatenga masabata, ena miyezi, ndipo wothamanga ndi amene amabwerera m'mbuyo. Ndalama zikavuta, chala chanu chomwe, chosamba ndi chowenga zikhadabo, chimagwira ntchito poyambira.

Mafutawo akhale a madzi, monga K-Y Jelly wa ku famase. Vaseline ndi mafuta ophikira amang'ambitsa kondomu. Kachipangizo muzikatsuka ndi sopo ndi madzi ofunda, ndipo sikobwerekana.

Mwatchulanso zitsamba zoika kumusi zomwe azakhali anu akukulangizani. Ndimawalemekeza azakhali, koma apa ayi. Zoumitsa zija zimakanda khungu la mkati, timabala timeneto timatsegulira njira HIV ndi matenda ena, ndipo ululu wanu ungakule.

Bambo akunyumba muwauze zomwe mukuchita, apirire mpaka thupi livomere. Ngati papita miyezi iwiri kapena itatu osasintha, kapena mukaona magazi, bwererani kwa anamwino mukapemphe kalata yokaonana ndi a physiotherapy (a mafizo) ku Queens, ku Blantyre.