Za khwisa wako uja, muphwa wanga

Eee, moni nonse pagulupu pano. Pepani ndatumiza mawu, ndili kudimba ndipo magalasi ndawaiwala kunyumba, tizilembo ta pafoniti sindikutiona. Ndikuyankha iwe muphwa wanga, funso lako ladzulo lija. Wati waona pa YouTube azungu akupota ulusi wa khwisa mpaka kuwomba nsalu, ndiye ukufuna ndikudulire kachigawo padimba la amayi ako kuti udzale. Ndamva. Inu amene mwamuseka n'kulemba kuti angodzala chitedze, musiyeni mwana. Chitedze ndi nyemba yoyanga, chimayabwa ndi ubweya wa pa makoko ake, si chimene iyeyu akunena ayi.

Zimene waonazo si bodza. Ku Ulaya khwisa anayamba kumupota kalekale. Pa nkhondo yoyamba ija, ya 1914 mpaka 1918, Angerezi atatseka njira za panyanja, thonje linasowa ku Germany, ndiye anthu ankatolera khwisa m'tchire n'kumapangira zovala za asilikali. Koma taona bwino pamenepo. Anathamangira khwisa thonje litasowa. Litabwerera thonje, ambiri anamutaya. Sanamutaye chifukwa cha kuyabwa, koma kuchepa kwa ulusi. Ulusiwo umakhala mu khungwa la phesi, monga mmene luzi limakhalira mu mombo. Ukaumitsa mapesi a khwisa wam'tchire okwana makilogalamu 100, ulusi ungapezemo mwina makilogalamu 5 basi. Mitundu imene akatswiri anachita kusankha ku Hamburg, ku Germany komweko, ndiyo imafika cha m'ma 15, ndipo imeneyo sadzala njere, amadzala timitengo todula ngati chinangwa, chifukwa njere zimabwerera ku mtundu wakale.

Tsono kuno ku Kasungu. Khwisa wa azunguyo ndi mbewu ya kozizira, yokonda chinyontho chaka chonse ndi nthaka yakuda ya manyowa ambiri. Ife kumtunda kuno ndi mchenga, mvula ikasiya mu Epulo timadikira mpaka Novembala kapena Disembala, ndipo dzuwa la mu Okutobala ukulidziwa wekha. Ndiye malo okha amene angapirire ndi kudambo, uko wanena kuja. Apa m'pamene ndikukanira ine. Chomerachi sichifa chaka chikatha, chimayenda ndi mizu pansi ngati kapinga. Ukachiika pakona lero, zaka ziwiri chili m'bedi la mpiru. Amayi ako amalowa m'dimba muja opanda nsapato, ana amabwera kudzathyola nzimbe. Ine ndiye mwini mbumba, milandu yakeyo idzafikira pakhomo panga. Komanso mbewu yakeyo sindinaionepo m'sitolo iliyonse ya zaulimi pa boma pano, ndipo yakunja salowetsa chisawawa, pamafunika chilolezo cha a zaulimi. Usaitanitse pa intaneti mwakachetechete, iyayi.

Taima kaye, mbuzi izi... Iwe! Tazithamangitsa uko! Eya, ndabwera.

Ndimati chiyani? Ntchito yake. Kudzala ndi kumene kuli kophweka. Chaka choyamba sudula kanthu, umangothirira kuti mizu igwire. Chaka chachiwiri mapesi akafika m'chifuwa kapena kupitirira, maluwa atatuluka, ndiye umadula pansi, utavala magolovesi ndi malaya a manja aatali. Umapulula masamba, n'kusiya mapesi afote. Akafota kuyabwa kumatha, chifukwa timinga take ndi tofewa, tili ngati tijakisoni todzaza madzi oyabwawo. Kenaka umanyika mapesiwo m'madzi, pafupifupi sabata, kuti zomata khungwa zivunde. Kuno kotentha aziwola msanga, ndiye uziyesa tsiku ndi tsiku: ukathyola phesi khungwa n'kusendeka lokha, vuula. Ukachedwa ulusi umawolera limodzi, umangoduka ngati udzu wa padenga lakale. Ndipo fungo lake, mwana iwe! Kuposa chinangwa chonyika cha kondowole. Madzi amenewo asayandikire chitsime kapena pomwera ng'ombe, unyike mu mgolo. Ukavuula uyanike, aume gwa, uphwanye, uchotse kamtengo ka m'kati, upale khungwa ndi mpeni wobuntha, upese mpaka tiulusi tilekane. Kupota kumabwera pamapeto penipeni. Pa vidiyo paja zonsezi zimatha mphindi khumi, eti?

Anthu a ku Nepal ali ndi khwisa wawo wamkulu wa m'mapiri, amamutcha allo. Iwo khungwa amaliphika ndi phulusa, n'kulimenya ndi chibonga pamtsinje, n'kulipaka dothi loyera kuti lisamatane. Zimenezo ndinazikonda, chifukwa phulusa ndi chidulo chathu chomwechi, chimene agogo ako amafewetsera therere. Njira imeneyo ungaiyese ngakhale pa makungwa ena.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Dzanja lako lisanaphunzire kupota, usavutike ndi mbewu. Pa mpanda wa agogo ako pali khonje wambirimbiri, akungokalamba, ena atulutsa kale milongoti. Khonjeyo nayenso ndi mlendo, kwawo ndi ku Mexico, anafika kumene lero kuli Tanzania mu 1893 n'kufalikira kuno, koma iyeyo anagwirizana ndi dzuwa lathu, safuna kuthirira. Dula masamba am'munsi, pala, tsuka, yanika, uyambe kupota pantchafu monga ankachitira agogo ako aamuna popota zingwe za mbuzi. Iwo aja ankapota akucheza, osayang'ana n'komwe, chingwe chikungotuluka chosalala. Ine ndinayesa ndili mnyamata, ntchafu inafiira, ubweya wonse unathothoka, chingwe changa mbuzi inadula tsiku lomwelo. Nsalu ya khonje sungavale, imakanda, izo ndikuvomera. Koma zingwe, timadengu, zopondera pakhomo, zimatheka. Ndiponso alimi a fodya amafuna chingwe chosakhala cha pulasitiki, pakuti tizidutswa ta nayiloni tikapezeka m'belo kumsika wa fodya ku Chinkhoma, belo limabwezedwa. Ngati mtima wako uli pa nsalu yofewa, thonje lilipo m'dziko muno, ndipo makolo ankalipota ndi kuwomba kale. Livingstone anawapeza akuchita zimenezo kuchigwa cha Shire mu 1859.

Koma sindikufuna uziti malume anandiphera maloto. Khwisa wathu wakuno, uja amamera nthawi yadzinja m'mithunzi ndi m'mbali mwa makola, ndi pachibale ndi wa azunguyo ngakhale si mmodzi. Ukabwera pa holide ya Isitala adzakhala atakula. Tidzadula mtolo umodzi wa mapesi aatali, tinyike, tione ngati mutuluke kanthu. Mukatuluka ulusi wokwana kusokera batani, ndidzakupatsa malo kuseri kwa khola la ng'ombe, mamita atatu uku atatu uku, pamene pamatsikira manyowa. Tidzakumba ngalande kuzungulira n'kuimika njerwa kuti mizu isathawe, ndipo kuthirira mu chilimwe ndi kwako, osati kwa amayi ako. Padimba pokha ayi.

Magolovesi ugule konko ku Lilongwe, achikopa aja a owotcherera zitsulo, osati a pulasitiki ochapira. Ubweretsenso chipeso chakale cha mano achitsulo. Alongo, mwamva nanunso, mgolo wobooka pang'ono uli kuseri kwa nkhokwe uja musaupereke kwa ogula zitsulo, ndiumata. Bandulo yanga ikutha, ndiimba madzulo.