Ndikufuna kukhala loya wa anthu akuda ndi osauka, koma mayi akuti ndidzafa ndi njala

Sabata yatha ndinalandira imelo yaitali ndithu kuchokera kwa mtsikana wina wa kwathu konkuno amene akukhala ku Indiana, ku America. Dzina sinditchula. Mwachidule akuti anapita kumeneko ali ndi zaka 12, pano ali chaka chachitatu ku koleji, ndipo chiphedwereni George Floyd mu 2020 mtima wake unangokakamira pa zamalamulo, akufuna kudzakhala loya womenyera ufulu wa anthu akuda ndi osauka. Vuto ndi mayi ake, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba usana ndi usiku, akuti apange unesi chifukwa zamaufuluzo sizigula ufa. Ndiye akufunsa kuti njira yake imayenda bwanji, kodi munthu angadye nayo ntchito imeneyi, komanso akadzafuna kubwerera kumudzi maphunzirowo adzagwira ntchito?

Achemwali, choyamba mayi anuwo musawaone ngati mdani, akulankhula zomwe msana wawo ukudziwa. Za ndalamazo ndifikako, koma ndiyambe ndi ntchitoyo chifukwa ndikuona ngati chithunzi chomwe muli nacho ndi cha pa TV, loya wavala suti wayima kutsogolo kwa jaji akulankhula mpaka anthu kugwetsa misozi. Zimenezo zimachitika mwina kamodzi pa zaka zisanu. Masiku ena onsewo ndi mafayilo, kuwerengera manambala, kuimbira foni munthu amene foni yake anaidula chifukwa sanalipire, kukhala m'chipinda cha alendo kundende kudikira maola atatu kuti muonane ndi kasitomala mphindi makumi awiri.

Tengani nkhani ya ku Ferguson, ku Missouri. Dziko lonse linamva za Michael Brown yemwe anawomberedwa ndi wapolisi mu Ogasiti 2014, koma chomwe chinavundukula zenizeni ndi lipoti la unduna wa zachilungamo la mu Malichi 2015, ndipo lipotilo linali la manambala. Anthu akuda anali 67 pa 100 alionse mu tauniyo koma pa anthu omangidwa iwo anali 93 pa 100. Chinanso chomwe anapeza n'choti khonsolo inkadalira zindapusa ngati munda wake, apolisi ankakakamizidwa kulemba matikiti ambiri kuti ndalama zilowe, ndiye munthu wapaka galimoto molakwika, walephera kulipira, amuwonjezera chindapusa china, waphonya tsiku la kukhothi chifukwa abwana sanamulole, kenako walanti, kenako selo, ntchito yatha, lendi yamukanika. Chonsecho khothi la Supreme linanena kale mu 1983 pa mlandu wa Bearden kuti simungatsekere munthu chifukwa choti alibe ndalama yolipirira chindapusa musanafufuze ngati angakwanitse. Lamulo linalipo, panalibe wolikumbutsa. Amene ankalikumbutsa ndi maloya achinyamata a kabungwe kotchedwa ArchCity Defenders ku St. Louis, omwe ankakhala m'timakhothi ta m'matauni ang'onoang'ono kuona zomwe zikuchitika n'kumalemba. Ntchito yomwe mukufunsayo ndi imeneyi, pamene khungu ndi thumba zakumana.

Ndipo apa pali chinthu chimene muyenera kuchidziwa musanalipire fizi ngakhale dola imodzi. Malamulo a ku America amalimba pa nkhani ya khungu kuposa pa nkhani ya umphawi. Mu 1954 pa mlandu wa Brown v. Board of Education (Brown wina, osati wa ku Ferguson uja), Thurgood Marshall ndi anzake a bungwe la NAACP Legal Defense Fund (LDF) anapambana, khothi linati kusiyanitsa sukulu za azungu ndi akuda n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Koma mu 1973 makolo ochokera m'mabanja a ku Mexico a ku San Antonio, Texas, atadandaula kuti sukulu za ana awo n'zosauka chifukwa ndalama za sukulu zimachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo, dera la osauka sukulu yosauka, khothi lomwelo linawakanira, majaji 5 kwa 4. Linati maphunziro si ufulu wotchulidwa m'malamulo aakulu a dzikolo. Marshall nthawi imeneyo anali atakhala jaji wa khothi lomwelo kuyambira 1967, anatsutsa koma anali mbali ya ochepa. Chiyambireni pamenepo maloya a zaumphawi amayenda mozungulira, amadzera ku malamulo a ma state, kapena ku lamulo la Civil Rights Act la 1964 pa za ntchito, kapena Fair Housing Act la 1968 pa za nyumba. Pa mlandu wa Griggs mu 1971 anapambana posonyeza kuti kampani ya magetsi inkafuna satifiketi ya sekondale ndi mayeso osakhudzana ndi ntchitoyo, zomwe zinkangotsekera akuda panja ngakhale palibe analemba kuti akuda ayi. Ndikutanthauza kuti ngati masamu mumawathawa yambani kupalana nawo ubwenzi, milandu yambiri ya tsankho imawinidwa ndi manambala osati ndi mawu okoma.

Komanso mukulowa nyengo yoti mphepo ikuwomba mobwerera. Mu 2013 mlandu wa Shelby County unafooketsa lamulo loteteza mavoti a anthu akuda, mu Juni 2023 khothi linaletsa mayunivesite kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira. Maloya a mbali yanu masiku ano nthawi zambiri akutchinjiriza zomwe agogo awo anawina kale, ndipo amaluza kwambiri. Ena zimenezi zimawatopetsa mpaka kusiya.

Njira yake ndi yosavuta kufotokoza. Ku America zamalamulo si digiri yoyamba ngati ku Chanco ku Zomba, mumamaliza kaye digiri yanuyo, iliyonse, kenako mayeso a LSAT olowera sukulu ya zamalamulo, kenako zaka zitatu ku sukulu ya zamalamulo kutenga digiri yotchedwa JD, kenako mayeso a bar, opezera chilolezo cha uloya, a state yomwe mukufuna kugwirako ntchito. Basi. Chovuta ndi zomwe mumachita mkatimo. Mabungwe otchuka aja, LDF, ACLU (American Civil Liberties Union), Equal Justice Initiative ya Bryan Stevenson ku Montgomery, Alabama, malo ake ndi ochepa ndipo ofuna ndi khwimbi, salemba munthu chifukwa walemba kalata yokhudza mtima. Amaona kuti holide zanu munkakhala kuti, munalowa nawo kiliniki ya zamalamulo ya pasukulu pomwe ophunzira amathandiza anthu enieni, munagwirako ntchito pansi pa jaji mutamaliza. Ambiri amalowera pa ma fellowship a zaka ziwiri ngati a Skadden kapena Equal Justice Works, pomwe umabwera ndi pulojekiti yako iwo n'kulipira salale.

Koma ine ndikanakhala inu sindikanayang'ana mayina akuluakuluwo poyamba. Ndikanayamba ngati public defender, loya wa boma woimira anthu opanda ndalama pa milandu ya upandu, ntchito yomwe inakula chifukwa cha chigamulo cha Gideon mu 1963, kapena ku maofesi a legal aid othandiza anthu omwe alandilodi akufuna kuwatulutsa m'nyumba. Mafayilo amachuluka mpaka kudwala nawo mutu, koma chaka chimodzi kumeneko mumayima pamaso pa jaji kambirimbiri pomwe mnzanu wa kukampani yaikulu sanalankhulepo m'khothi ngakhale kamodzi. Ndipo n'kumene mumaona msampha womwewo ukugwira anthu osiyanasiyana, lero uyu mawa uyo, mpaka mumazindikira kuti apa pali mlandu umodzi waukulu. Milandu ikuluikulu imabadwira pamenepo. Stevenson anayamba bungwe lake mu 1989 poimira anthu odikira kunyongedwa omwe panalibe ankawafuna, ndipo Anthony Ray Hinton, mmodzi mwa omwe anawaimira, anatuluka mu 2015 atakhala pafupifupi zaka 30 m'ndende pa mlandu womwe sanapalamule. Tangoganizani kuyenda ndi fayilo imodzi zaka zoposa khumi.

Tsopano za mayi zija. Mu 2024 makampani akuluakulu a maloya ku New York ankayambitsa munthu wongotuluka kumene pa madola 225,000 pachaka. Ku legal aid kapena kwa public defender woyamba kumene nthawi zambiri amapeza cha m'ma 60,000 kapena 70,000. Mukasintha mu makwacha zonse zikumveka ngati chuma cha mfumu, ndikudziwa, abale kumudzi adzati mwalemera, koma inu mukudziwa lendi ya kumeneko. Pamwamba pake ngongole ya sukulu, yomwe kwa ambiri imapitirira madola 100,000. Ndiye mayi akunena zoona kuti nesi amayamba kudya msanga ndipo alibe chikatundu chotere pamutu. Koma kufa ndi njala ayi, n'kukokomeza kwa kholo. Pali pulogalamu ya boma ya Public Service Loan Forgiveness yomwe inayamba mu 2007, ukagwira ntchito m'boma kapena m'bungwe losapanga phindu n'kulipira ngongole miyezi 120, yotsalayo amakukhululukira. Sukulu zina zili ndi thumba lawolawo lothandiza kubweza ngongole kwa omwe asankha ntchito zoterezi, ndipo funso limeneli muzifunsa musanavomere malo, osati pa galajuweshoni. LDF nayo inayambitsa mu 2021 sikolashipu ya Marshall-Motley yolipira fizi yonse, wophunzira n'kulonjeza kuti adzagwira ntchito ya zaufulu kum'mwera kwa America kwa zaka zisanu ndi zitatu. Motley wakeyo ndi Constance Baker Motley, mayi amene anamenya mlandu wa James Meredith kuti alowe yunivesite ya Mississippi mu 1962, n'kudzakhala mkazi woyamba wakuda kukhala jaji wa boma la fedulo mu 1966, muwerengeko za iyeyu mukapeza mpata.

Chimodzi chomwe simunandiuze ndi mapepala anu, ndipo apa ndi pamene ana a kwathu ambiri amapunthwa. Ngongole za boma la fedulo ndi za nzika ndi omwe ali ndi green card, wa viza ya sukulu sapatsidwa, ndiye kukhululukidwa kujanso sikumukhudza chifukwa ndi kwa ngongole za boma zokha. Ntchito za uloya mu unduna wa zachilungamo nazo zimafuna nzika. Ngati mapepala ali bwino thokozani Mulungu, ngati ayi konzani kaye zimenezo kapena limbanani ndi LSAT mpaka sukulu izichita kukunyengererani ndi sikolashipu. Langizo langa losapsatira ndi loti sukulu yapakatikati yaulere imaposa yotchuka ya ngongole yoopsa, chifukwa ngongole ndi imene imakokera anthu kumakampani, amati ndingopanga zaka ziwiri ndibweze kenako ndibwerera ku zaufulu, zaka khumi zikudutsa ali konko galimoto yasintha kawiri.

Za kubwerera kumudzi. JD siikupatsani chilolezo choima m'khothi la ku Blantyre pompopompo, kuno kuli njira yake yovomerezera maloya ndipo mudzayenera kudutsamo. Koma luso lake limawoloka nyanja bwinobwino chifukwa misampha yake ndi yapachibale. Mukukumbuka vakabu? Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa mu Malichi 2015 akupita ku Limbe m'bandakucha kukagulitsa malonda ake, mlandu wake kungopezeka pamsewu nthawi yomwe apolisi sanaikonde. Mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre anautenga mlanduwo ndipo mu Januwale 2017 High Court inati gawo 184(1)(c) la Penal Code likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo limenelo tinasiyiridwa ndi atsamunda, ndipo ku America abale ake a lamulo lomweli, omwe ankagwiritsidwa ntchito kusesa akuda ndi osauka m'misewu, anagwetsedwa mu 1972 pa mlandu wa ku Jacksonville. Wa Prado samangidwa vakabu, paliponse.

Ndipo ngati mukufuna kuona khungu ndi chuma zitalukana zenizeni yang'anani ku Joni. Azibambo athu omwe anapita ku Theba ankapuma fumbi la m'migodi ya golide, ambiri anabwerako ndi chifuwa chosatha, silicosis ndi TB, n'kudzafera kumudzi opanda kanthu. Maloya a Legal Resources Centre, bungwe lomwe linayamba mu 1979 nthawi ya tsankho, pamodzi ndi Richard Spoor ndi ena anakoka makampani a migodi kwa zaka zambiri mpaka mu 2018 anagwirizana za chipukuta misozi cha 5 biliyoni randi, ndipo anakhazikitsa Tshiamiso Trust yoti izilipira, kuphatikizapo ochokera maiko oyandikana ngati kwathu. Koma kuwina kukhothi ndi theka chabe, ndalama kuti ifike kwa gogo wa ku Mzimba kapena ku Dedza pamafunika wina wopeza mapepala a ntchito a zaka za m'ma 1970, womasulira mafomu, wolondola mkazi wamasiye. Munthu wodziwa malamulo komanso wolankhula Chichewa ngati inu ndi wosowa pa ntchito ngati zimenezo, ndiye chilankhulochi musachitaye, imelo yanu munasakaniza bwino ndithu ndinaseka pena.

Chomwe mungachite chaka chino chisanathe, fufuzani ofesi ya public defender kapena legal aid ya mu county yanu, apempheni kuti muzithandiza holide ikubwerayi ngakhale kungokonza mafayilo ndi kuyankha foni. Musanatero pitani tsiku limodzi m'mawa ku khothi la milandu ya lendi, khomo ndi lotsegula kwa aliyense, mukakhale kumbuyo muwerenge kuti alandilodi angati abwera ndi loya ndipo alendi angati abwera okha ndi mwana m'manja. Mayi akakhala pa ofu tsiku limenelo atengeni mupite nawo, kenako mundilembere zomwe anena m'galimoto pobwerera.