Akutsika ndani, munthu kapena mawu? Mafunso a olemba mapulogalamu a mu terminal

Wophunzira wina wa zamakompyuta ku Zomba akufunsa: "Ndikulemba kapulogalamu koyenda mu terminal kosonyeza katundu wa m'sitolo ya amalume. Mndandanda ndi wautali, sukwana pa sikirini. Pa mzere wa malangizo ndilembe 'Tsitsani' kapena 'Tsikani'? Anzanga agawikana."

Terminal ndi windo la malemba okhaokha, mmene kompyuta imalamulidwa ndi kiyibodi. Lembani "Tsikani". Anzanu a "Tsitsani" sakulankhula Chichewa cholakwika, koma akunena zosiyana ndi zomwe pulogalamu yanu ikuchita.

Aneni athu amaulula amene akuyenda. Kutsika ndi kukwera, woyendayo ndi mwini wake. Kutsitsa ndi kukweza, pali chinthu china chimene iye akuyendetsa: kutsitsa katundu m'galimoto, kukweza mtengo wa sopo. Ndiye mukauza munthu kuti "Tsitsani", mwamuuza kuti akankhire mawuwo m'munsi. Koma tayang'anani bwino sikirini mukadina batani la muvi woloza m'munsi: mawu amathawira m'mwamba, mzere woyamba n'kubisika, watsopano n'kutulukira kumunsi. Mawuwo akwera. Amene watsika ndi wowerenga.

Ndipo mkati mwa pulogalamu zilinso momwemo. Ngati mukugwiritsa ntchito ncurses, laibulale yothandiza kujambula zinthu mu terminal, mwina mwakumana kale ndi newpad, yomwe imakupatsani malo aakulu kuposa sikirini, oti mulembemo mndandanda wonse, kaya ndi mizere 500. Kenako prefresh imangoonetsa kachigawo kokwana pa sikirini, kuyambira pa mzere umene mwaiuza. Munthu akadina muvi, inu mumangowonjezera 1 pa nambala ya mzere woyambirawo. Mndandanda sunasunthe. Zili ngati kusuzumira chipupa chachitali kudzera pa kazenera koyenda: chipupa chili pomwepo, kazenerako ndi kamene katsika, ndi maso anu omwe.

Pa foni nkhani ndi ina. Pamenepo chala chimagwiradi mawu n'kuwakankha, choncho "Kankhirani m'mwamba" ndi zolondola. Kusokonekeraku sikwathu kokha. Mu 2011 a Apple anatembenuza kayendedwe ka mausi mu Mac OS X Lion kuti kafanane ndi ka foni, ndipo ozolowera zakale anadandaula. Ife tili ndi mwayi woti mneni yekha amathetsa mlandu, bola tisankhe woyenera.

Kukachitika kuti mukufuna kudumpha sikirini yathunthu, monga Ctrl-F ndi Ctrl-B zimachitira mu vi, pulogalamu yolembera ya mu terminal, musavutike: "Tsamba lotsatira" ndi "Tsamba lapita" zikwanira. "Kupanga scroll" kumene timanena pocheza kusiyeni pakamwa. Sikunena n'komwe kumene mukulowera.

Funso lachiwiri, lochokera kwa wowerenga wa ku Chipata: "Posonyeza kuti pali zina zobisika kumunsi, 'Zina zili pansi' ndi bwino?"

Anthu amva, koma "pansi" kawirikawiri ndi pa dothi kapena pa simenti. Polemba, zimene zikubwera pambuyo pa zomwe mukuwerenga timati zili m'munsi, monga m'makalata: "onani m'munsimu". Lembani "Zina zili m'munsi". Munthu akafika pothera, pomwe pulogalamu yowerengera mafayilo ya less imalemba END, inu ikani "Mapeto".

Wina amene akumasulira uthenga wa pulogalamu yowerengera mafayilo akuti: "Malo akundichepera. 'Dinani q kuti mutuluke' ndi zazitali. Ndingalembe 'Dina q'? Komanso pulogalamu ikumalemba kuti 'Yatsala mizere 1'."

Za kuchepa kwa malo ndikukumvetsani. Terminal ya VT100, yomwe kampani ya DEC inatulutsa mu 1978, inali ndi mizere 24, uliwonse wa zilembo 80, ndipo mpaka lero mawindo ambiri a terminal amatseguka pa muyezo womwewo. Mapulogalamu onga htop, yoonetsa zimene zikuyenda mu kompyuta, amapanikiza malangizo 10 pa mzere umodzi wa m'munsi, kuyambira F1 mpaka F10, lililonse kamawu kakafupi. Mawu athu ndi otambasuka, sakwana m'timabokosi totero.

Komabe "Dina" ayi. Simukudziwa amene wakhala pa kompyutayo. Akhoza kukhala aphunzitsi anu, akhoza kukhala agogo a munthu. Kompyuta yolamula akulu ngati ikutuma mwana imanyansa, ndipo mwapulumutsa zilembo ziwiri zokha. Dulani kwina. Mneni "dinani" ndiye wosafunika, popeza aliyense akudziwa kuti batani ndi lodina. Lembani chonchi:

`j Tsikani   k Kwerani   / Sakani   q Tulukani`

Ulemu ulipo, ndipo pafupifupi theka la mzere latsala. Za j ndi k musazisinthe pofuna kuti zigwirizane ndi Chichewa, t wa "tsikani" ndi zotero. Zinachokera kutali: Bill Joy analemba vi pa terminal ya ADM-3A imene kiyibodi yake inali ndi mivi yojambulidwa pa h, j, k ndi l, ndipo less ya Mark Nudelman, ya m'zaka za m'ma 1980, imamvera mabatani a j ndi k omwewo. Zala za anthu zinazolowera kalekale.

"Yatsala mizere 1" ndi vuto lenileni, chifukwa kwa ife sidzina lokha limene limasintha. Mneni naye amatsatira: watsala mzere umodzi, yatsala mizere 37. Mapulogalamu ambiri amalumikiza tizidutswa, nambala apa, dzina apo, mneni kumapeto, ndipo Chichewa chimathyoka. Pemphani mwini pulogalamu agwiritse ntchito ngettext, yomwe imasankha chiganizo potengera nambala, kuti mupatsidwe ziganizo ziwiri zathunthu, cha chimodzi ndi cha zambiri, aliyense wa aneniwo akhale ndi mgwirizano wake. Akakana, zembani mneni: "Mzere 120 mwa 500" zimagwira pa nambala iliyonse.

Womasulira yemweyu anawonjezera kuti mzere uliwonse wokhala ndi "Malaŵi" umakhotetsa mpanda wa kudzanja lamanja wa bokosi lojambulidwa pa sikirini, ndipo akuganiza zongochotsa kachipewa ka pa w. Kulemba kapena kusalemba ŵ ndi mkangano wina, ambiri masiku ano amalemba w wamba, koma musalole pulogalamu yosalongosoka ikusankhireni kalembedwe. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta, chilembo ŵ chimatenga mabaiti 2 (zilembo wamba zimatenga imodzi) pomwe pa sikirini chimadya malo amodzi. Pulogalamu yowerenga mabaiti ndi strlen imaganiza kuti mawuwo ndi aatali kuposa mmene alili, n'kuchepetsa mipata yodzazira mzere, mpanda n'kulowa mkati. Nthawi zina ŵ amabwera ngati zilembo ziwiri, w ndi kachipewa kapadera kosatenga malo, ndiye kuwerenga zilembo nakonso kumanamiza. Itanani setlocale poyambirira kuti pulogalamu idziwe njira imene zilembo zasungidwira, mangani pulogalamuyo ndi ncursesw, yomwe imamvetsa zilembo zotere, m'malo mwa ncurses wamba, ndipo utali wa mawu muziuyeza ndi wcswidth, yomwe imawerenga malo a pa sikirini.