Msuweni, za galu wako uja

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, funso lako ndaliona, loti kodi galu ungamamupatse nyama yaiwisi ndi mafupa a kubutchala. Koma iwe ndimakudziwa. Kuyambira tsiku lija akuba anadumpha mpanda n'kutenga batire ya galimoto ya alamu sukugona, ndiye wina wakunong'oneza kuti galu akalawa magazi amalusa. Ndanama? Hehe, usabise.

Dikira kaye. Ukuwakumbuka amalume ako a ku Lizulu ndi galu wawo uja, Dziwazako? Chaka chomanga chiliza cha agogo... ayi, ndalakwitsa, chinali chinkhoswe, chija munabwera mochedwa pa matola. Anthu atadya, amalumewo anatolera mafupa onse a nkhuku m'mbale, ophikaphika, n'kumukhuthulira galu kuseri kwa nkhokwe. Amvekere, "Nayenso adye phwando." M'mawa galu sakudya, dovu chuchuchu, akungodzikanda kukamwa ndi phazi. Amalume basi, amuthira tameki anthu a kutsidya aja, ukudziwa nkhani ya malire ija. Mayi nawo ankaopa chiwewe, anatitsekera m'nyumba ana tonse. Masiku awiri! Mpaka anabwera mlangizi wa ziweto pa njinga, n'kumuyasamulitsa galuyo. Fupa linali litapingasa kumwamba kwa kamwa, pakati pa mano, pamalopo patayamba kununkha. Analizula ndi pulayala. Amalume anangokhala pa mtondo, chipewa m'manja, misozi ili lendelende. Ankamukonda galu ameneyo, iwe.

Ndiye mafupa ophika ayi, amathetheka ngati bango. Aawisi, akuluakulu, okhala ndi mnofu, amenewo angathe, koma uzikhala pomwepo akamatafuna, ndipo olimbitsitsa a mwendo wa ng'ombe amathyola mano. Nyama ikhale yoti iwenso ungaphike n'kudya. Mbuzi yofa yokha, kapena chiwindi ndi mapapo okhala ndi timatuza tamadzi, kwirira, mumachokera njoka za m'mimba zomwe zimafika mpaka kwa ana. Galu wa makilo 25 amadya pafupifupi theka la kilo patsiku, chiwindi pang'ono chabe, chikachuluka amatsegula m'mimba. Ndi magetsi ozimazimawa, nyama ikasungunuka n'kuyamba fungo usamupatse. Mbale yake payokha, uzitsuka ndi sopo, m'manjamonso, makamaka poti kamwana kako kakukwawa. Ukaona kuti sungakwanitse zonsezi, wiritsa nyama yopanda mafupa, sakaniza ndi nsima ya mgaiwa ndi bonya, palibe cholakwa.

Koma chimene ndimafuna kunena... nyama yaiwisi siimulusitsa galu. Ayi. Galu amauwa usiku akakhala wathanzi, wokhuta, wozolowera pakhomo pake. Wako uja nthiti zikuwerengeka, nkhupakupa zadzaza m'makutu, ndinamuona pa Khirisimasi. Mankhwala a njoka miyezi 3 iliyonse, katemera wa chiwewe chaka ndi chaka. Ku Blantyre kwanuko a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemerayu ulere kuyambira 2015, ungomutengera akalengeza.

Wandimva? Magazi sawonjezera ukali, msuweni, usataye ndalama pofuna zimenezo. Aunt... aa, azakhali, mukumvera inu, muuzeni mwana wanuyu. Ndikubwereza: nyama yaiwisi siisandutsa galu mlonda, yamba wamuchotsa nkhupakupazo. Loweruka ndikubweretsera mankhwala osambitsira, ndipo mpanda wakumbuyo uja tikauone pomwe anadumphira.